Filimu ya maliro ku Mufakose: zolemba za ntchito, Malichi mpaka Disembala 2025

8 Malichi 2025: nkhani ndi thumba

Pagulu lathu la achinyamata olankhula Chichewa kuno ku Harare pali ena amene akufuna kuyamba mafilimu awoawo, ndipo onse amandifunsa zofanana: kamera yanji, ndalama zingati. Ndiye ndizilemba pano chilichonse chimene chikuchitika, mtengo wake ndi pamene zavuta.

Nkhani ya filimuyi ndi iyi. Naphiri ndi mayi wa ku Budiriro, dera lina la mu Harare muno, amene mwana wake wamwamuna, wazaka 9, anamwalira ndi kolera mu Disembala 2008. Amene munalipo mukukumbuka mmene maliro a kolera ankayendera. Mtembo ankaukulunga m'pulasitiki, osausambitsa, osaona nkhope, osagona m'nyumba, anthu osapatsana moni wa m'manja, kenako kuika msangamsanga. Mliri uja unayamba mu Ogasiti 2008, unagwira anthu oposa 98,000 n'kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro ndi limodzi mwa madera amene unasakaza kwambiri. Naphiri sanapatsidwe mpata wolira mwana wake. Anapitiriza kupita kutchalitchi, kuimba pamaliro a anzake, kuphika nsima pasiwa, koma kupemphera analeka, popanda womudziwa. Patadutsa zaka 16, apongozi ake aamuna amwalira, nkhalamba yobadwira ku Dedza imene inabwera kuno kudzagwira ntchito nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Abale akukangana. Ena akuti thupi lipite kwawo, kudutsa pa Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Dedza, ena akuti ndalama zimenezo kulibe, aikidwe ku manda a Mbudzi, mu Harare momwemuno. Pamaliro achiwiriwa, amene ali ndi mwambo wonse, ndi pamene maliro oyamba aja akumubwerera Naphiri.

Tikufuna filimu ya mphindi 50. M'thumba muli $1,150 (madola a ku America): ndalama zanga za chilimba, zimene anatumiza msuweni wanga wa ku Johannesburg, ndi zimene anasonkha anzathu awiri. Wosewera aliyense tamuuza poyera kuti malipiro palibe, koma chakudya ndi thiransipoti ndi zathu.

5 Epulo: zida

Kamera tabwereka kwa achimwene ena ojambula maukwati. Tagwirizana $200 pa ntchito yonse, koma Loweruka lililonse limene iwo ali ndi ukwati kamerayo ndi yawo. Zimenezi zatimanga miyendo, chifukwa osewera athu ambiri amagwira ntchito mkati mwa sabata. Tatenga kalendala yawo ya maukwati n'kukonzera masiku athu m'mipata yotsalayo.

Lens ya 50mm yogwiritsidwapo kale inali $70, ND filter (kagalasi kochepetsa kuwala kolowa m'kamera) $25, chojambulira mawu chogwiritsidwapo kale $90, timaikolofoni tiwiri tobisa m'malaya $30. Maikolofoni yaitali tabwereka. Ndodo yake yogula ndi yodula, choncho tadula nsungwi yamamita atatu, n'kuikulunga mphira wa chubu cha njinga pogwirira kuti zala zisamamveke. Chotchingira mphepo pa maikolofoni watisokera mlongo wanga ndi ubweya wa chidole cha mwana. Ma hard drive awiri a 2TB, $150. Nyale ziwiri za LED zotchaja ndi zikatoni zomata foyilo zobwezera kuwala, $35.

Memori khadi yoyamba, yolembedwa 128GB, tinaigula patebulo lam'mbali mwa msewu m'tauni pa $12. Poyeserera inajambula bwinobwino mphindi zoyambirira, koma mafayilo onse otsatira anakana kutseguka. Titaiyeza ndi kapulogalamu kaulere ka H2testw, tinapeza kuti mkati mwake simukwana ndi 16GB yomwe. Tagula ena awiri m'sitolo yopereka lisiti, $28 iliyonse. Khadi iliyonse yatsopano muziiyeza isanalowe m'kamera, ngakhale yogula kusitolo.

17 Meyi: osewera, chilankhulo, yunifolomu

Wosewera Naphiri tamupeza: mayi wosoka zovala wa ku Mufakose, wobadwira konkuno, makolo ake a ku Ntcheu. Sanasewerepo kwina kupatula masewero a Khrisimasi kutchalitchi. Poyesa, ena onse ankathamangira kulira. Iwo anangokhala pampando n'kumapinda nsalu imene inali pamiyendo pawo, akuyankha mafunso mwachidule. Ndinadziwa pomwepo.

Vuto linabuka pakuyeserera. Mawu ndinawalemba m'Chichewa chokhachokha, koma ana obadwira kuno akachiwerenga chimamveka choloweza. Pakhomo pawo agogo amalankhula Chichewa, iwo n'kuyankha m'Chishona, ndipo onse amamvana. Tasiya zikhale choncho m'filimumo. Nkhalamba ilankhula Chichewa cha ku Dedza, Naphiri asakaniza, adzukulu ayankha m'Chishona. Mnzathu wina anadandaula kuti anthu a ku Malawi adzatiseka. Aseke. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013 amazivomereza, ndipo Chichewa cha ku Mufakose, Mbare, Dzivarasekwa ndi Mabvuku chimamveka chonchi. Tidzaika mawu omasulira pansi.

Yunifolomu inatichedwetsa milungu ingapo. Ndinkafuna Naphiri avale ngati amayi a Chigwirizano, popeza ambiri a ife tinakulira mu CCAP, mpingo umene unayambira kuno potumikira anthu ochokera ku Nyasaland, ndipo Sinodi ya Harare inakhazikika mu 1965. Ndisanapite kukapempha kwina kulikonse, azakhali anga anandikhazika pansi. “Mwanawe, chovala chija sichovalira sewero. Munthu amavekedwa pamaso pa mpingo, atalonjeza. Ukaveka munthu wamba, filimu yako amayi sadzaionera.” Ananena zoona. Tapeka mpingo wathuwathu wam'filimu, wopanda dzina la mpingo uliwonse weniweni, ndi yunifolomu ya bulauzi yotuwa, lamba wobiriwira ndi duku yotuwa. Wosewera Naphiri yemweyo wasoka zisanu ndi zitatu, $9 iliyonse, zonse $72. Nyimbo zapamaliro nazonso tapeka zathu ziwiri ndi mphunzitsi wa kwaya, kuti pasadzakhale wotifunsa za umwini.

Aliyense woonekera pakamera wasaina kalata yachilolezo, ana asainiridwa ndi makolo. Talembanso kalata yodziwitsa apolisi a m'dera lathu ndi akhansala kuti pakhomo pena padzasonkhana anthu usiku.

21 Juni: bokosi

Bokosi lamaliro watikhomera kalipentala wa ku Glen View Area 8, kumene kuli amisiri a mipando ambirimbiri. Lamatabwa a chipboard, lopaka vanishi, zogwirira zapulasitiki, $55. Kulipeza kunali kosavuta. Kulisuntha ndi kulisunga ndiye nkhani.

Madalaivala a kombi onse anakana, ngakhale titati tilipira mpando wonse wakumbuyo. Wa kagalimoto konyamula katundu anavomera pa $15, koma anati tilifunditse bulangete. Titafika nalo, eni nyumba imene ndimachita lendi anaima pageti manja ali m'chiuno. “Limenelo m'nyumba mwanga sililowa. Mukufuna kutiitanira chiyani?” Ndinawafotokozera kuti ndi la sewero, iwo anati imfa sidziwa sewero. Linabwerera ku Glen View tsiku lomwelo, $15 ina.

Kalipentala uja ndiye anapeza nzeru. Anazula misomali yonse n'kulimanganso ndi masikuluwu, moti limamasuka kukhala matabwa asanu ndi limodzi. Matabwa amakwera kombi popanda wofunsa, amagona kuseri kwa wadilobu popanda wodandaula. Kulimanga kumatenga mphindi 20. Anawonjezera $8.

Poyeserera kunyamula, anyamata asanu ndi mmodzi ankalitukula ngati lichero, mapewa ali osalemedwa, mapazi akuthamanga. Kamera imaona zimenezo. Taikamo matumba awiri a mchenga, onse pamodzi makilogalamu 50 kapena kuposerapo, n'kuwatsekereza ndi mabulangete kuti asamagudubuke. Kayendedwe kawo kanasintha nthawi yomweyo, popanda wowauza. Zogwirira zapulasitiki zija sizingapirire kulemera kotere, choncho amanyamulira pansi.

12 Julaye: usiku wa pasiwa

Gawo lalikulu la filimu yonse, anthu pafupifupi 40, pakhomo pa azakhali anga ku Mufakose. Tinachita monga zimakhalira kuno: mipando ndi makabati kutulutsa panja, amayi m'nyumba pansi atazungulira bokosi, abambo panja pamoto, ng'oma ndi nyimbo usiku. Pageti tinamangirira kansalu kofiira, chizindikiro chimene aliyense mu Harare amachidziwa.

Anthu oyandikana nawo nyumba tinawauziratu. Amene sitinawaganizire ndi a m'misewu ina, odutsa pochokera kuntchito. Dzuwa lisanalowe n'komwe analowa mayi wina, duku kumutu, chitenje m'chiuno, akulira kuyambira pageti. Anagwada, n'kuyamba kugwira dzanja aliyense m'nyumbamo. Pambuyo pake panabwera abambo awiri, wina atagwira $2 ya chipepeso, akufunsa kuti mbale ili kuti. Mphekesera inali itafika kale kumashopu kuti azakhali atisiya. Azakhaliwo anali kukhitchini akudula kabichi. Mayi uja atawaona anakuwa, n'kukhala pansi mwadzidzidzi, ndipo panatenga nthawi kuti mtima wake ukhazikike. Panalibe choseketsa. Tinapepesa, tinamuperekeza kwawo, azakhali anapitanso m'mawa mwake ndi paketi ya shuga. Kansalu kofiira tinakachotsa, tinakajambula patokha tsiku lina m'bandakucha kwa mphindi zochepa, ndipo usiku wonsewo mnyamata mmodzi anaima pamsewu ndi chikatoni cholembedwa m'Chishona ndi m'Chingerezi kuti pano tikujambula filimu, palibe maliro.

Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Jenereta tinaikana chifukwa cha phokoso, m'malo mwake tinabwereka batire yaikulu ndi inverter pa $40. Inakwanitsa nyale ziwiri ndi kutchaja mabatire a kamera mpaka cha m'ma 2 koloko usiku. Babu la m'chipinda chochezera, loyaka ndi inverter yomweyo, linkaphethira pakamera, mizere yakuda ikuyenda. Magetsi a kuno ndi 50Hz, ndipo kamera inali itatsala pa mafulemu (zithunzi) 30 pa sekondi kuchokera kuukwati wa dzulo lake. Titabweza pa mafulemu 25 ndi shutter (nthawi imene kuwala kumalowa pa chithunzi chilichonse) ya 1/50 ya sekondi, mizere inatha. Panja tinadalira moto weniweni, nyale imodzi titaiphimba ndi pepala lachikasu n'kuibisa kuseri kwa mbaula. Nkhuni $12.

Tsopano chimene ndikufuna muchimvetse. Ine ndinali nditalemba kuti amayi alire nthawi imodzi bokosi likamalowa, kenako aimbe, kenako Naphiri atuluke. Titajambula kawiri, agogo ena a zaka za m'ma 70, amene anangobwera kudzadzaza malo, anakweza dzanja.

“Bambo, pepani. Maliro sayenda choncho.”

“Amayenda bwanji, agogo?”

“Kulira kumabwera ndi mlendo. Akalowa wachibale wochokera kutali, ndiye timayambiranso. Akakhala pansi, timatonthola. Pakati apo anthu amanong'onezana, wina amawodzera, wina amafunsa ngati tiyi wapsa. Ndipo mpongozi sakhala pafupi ndi bokosi. Malo amenewo ndi a mkazi wa malemu ndi alongo ake. Mpongozi amakhala kumoto, akugwira ntchito.”

Pepala langa ndinalipinda n'kuliika m'thumba. Agogowo anakhazika aliyense pamalo pake, anasankha woyambitsa nyimbo, anauza Naphiri kuti azilowa ndi beseni lamadzi osamba m'manja, akuyenda chogwada pakati pa miyendo ya anthu. Ndiye Naphiri anakhala munthu wolowa ndi kutuluka, wotumikira chisoni cha anzake, kumaliona bokosi chapatali nthawi iliyonse akalowa. Nkhani yonse ya filimuyi inakhala m'beseni limenelo, ndipo sindine ndinailemba. Kuyambira usiku umenewo agogowo timawatenga pa gawo lililonse lokhudza mwambo, ndipo dzina lawo lidzalembedwa pamndandanda wa opanga filimu.

Chakudya cha usiku umodzi umenewu: ufa makilogalamu 20, kabichi, nkhuku zinayi, mafuta, tomato, shuga, masamba a tiyi ndi buledi wam'mawa, $96. Kuzizira kwa Julaye kunatha shuga kuposa mmene tinawerengera.

11 Ogasiti: manda

Tinapezerapo mwayi pa tchuthi cha Heroes. Zokajambula pakati pa manda enieni, akuluakulu anatiletsa, ndipo nanenso sindinafune kuponda pamanda a eni ake ndi kamera. Wachibale wina ali ndi munda ku Seke, wopanda mbewu nyengo ino. Tinakumba dzenje lofika m'chiuno basi, popeza nthaka ya Ogasiti ndi youma gwa, ndipo piki imodzi inathyoka mpini. Kamera tinaiika pansi penipeni, moti bokosi likamatsika limabisika kuseri kwa mulu wa dothi, kuya kwake osaoneka. Kumbuyo tinaunjika milu ina isanu ya dothi n'kuzikapo timitanda ndi tizikwangwani tamalata topanda mayina owerengeka.

Mphepo ya Ogasiti inatigonjetsa. Ubweya wa chidole uja unathandiza pang'ono, koma ulaliki wonse wa abusa am'filimu unatuluka uli phuu, phuu. Kamaikolofoni kobisa m'jekete ndi kamene kanapulumutsa theka lake. Theka linalo tidzajambulanso mawu okha.

Tisanakwirire dzenje, agogo aja anakana kuti likwiriridwe lopanda kanthu. Anatuma mnyamata kukadula thunthu la nthochi, analigoneka m'dzenjemo, kenako tinafotsera. Mwini munda anaoneka kuti mtima wake watsika. Kombi yobwereka tsiku lonse $70, chakudya $48, mpini wa piki $3.

6 Seputembala: kubwerera ku 2008

Zigawo za m'nyumba za chaka cha kolera tajambula sabata ino. Zapanja zidikira mvula, chifukwa Disembala wopanda matope ndi udzu wobiriwira palibe angamukhulupirire.

Kubweza nyumba ku 2008 n'kuchotsa zinthu, osati kugula. Tinatulutsa TV yopyapyala, mafoni onse amakono, nyale za sola. Pawindo pankaoneka thanki yamadzi yobiriwira ndi masola a padenga la oyandikana nawo, tinatchinga ndi nsalu yoyanika pachingwe. Kafoni ka Nokia kamabatani kanapezeka m'dirowa ya azakhali, limodzi ndi mpukutu wa ndalama zakale za mabiliyoni zimene ana ankaseweretsa. Mashelefu a m'khitchini tinawasiya mbee, kupatula mchere ndi botolo la chakumwa cha Mazoe lopangiramo madzi a mchere ndi shuga.

Namwino wina wopuma pantchito, amene anagwira ntchito m'matenti a odwala kolera chaka chimenecho, anatijambulira papepala bedi lake: lathabwa, loyala pulasitiki, dzenje pakati, ndowa pansi, ndowa ina kumutu yosanziramo. Tinalikhoma ndi mapaleti awiri ndi tenti yakale, $18. Anatiuzanso zoti mwana wodwala kolera safuula kapena kudzigwetsa monga ankachitira kamnyamata kathu. Amafooka, maso amalowa m'kati, mawu amasasa, khungu ukalitsina silibwerera msanga. Tinadetsa pang'ono m'munsi mwa maso ake, milomo tinaipaka ufa pang'ono, n'kumuuza kuti asachite chilichonse, angopempha madzi chonong'ona. Mayi ake enieni anali pomwepo nthawi yonse, ndipo gawo likatha kamnyamatako kankadzuka n'kukasewera mpira panja.

Wojambula anabwera ndi nzeru ya kumaukwati yopaka mankhwala a chimfine m'munsi mwa maso kuti misozi ituluke. Tinayesa pa iye mwini. Maso anafiira psuu, mamina ali chuchuchu, nkhope ya munthu wa chimfine basi. Namwino uja anatikalipira, tinazitaya.

Bedi lija litalowa m'chipinda, wosewera Naphiri anaima pakhomo osalowa. Kenako anati, “Achimwene, lero ayi.” Mng'ono wawo anagonapo pabedi lotero ku Budiriro, ndipo sanabwerere. Anali asanatiuzepo. Tinalongedza zida, tsiku limenelo linapita ndi $31 ya chakudya ndi thiransipoti. Patapita masiku anandiimbira okha, n'kupereka malamulo awo: m'chipindamo mukhale anthu atatu okha, gawolo lijambulidwe kamodzi, ndipo akanena kuti basi, kamera izime. Tinatsatira. Sanalire. Anakhala m'mbali mwa bedi, akuthira madzi a m'botolo pasupuni, dzanja lili njenjenje mpaka theka la madziwo kutayikira pabulangete. Lens inaphonya pang'ono pamasekondi oyambirira, nkhope siikuoneka bwino kwenikweni. Wojambula anapempha kubwereza, ndinakana. Zilowa choncho.

18 Okutobala: kutentha, maluwa, hard drive

Kamera yayamba kudzizimitsa yokha ikatentha, makamaka masana m'nyumba yamalata. Timajambula m'mawa mpaka 10 koloko, kenako kuyambira 3 koloko. Pakati apo timatsegula chitseko cha batire, kukoka sikirini kuti italikirane ndi thupi la kamera, n'kuiika pamthunzi.

Kagawo kena ka m'tauni, Naphiri akuyenda ku Avenues pochokera kokatenga zikalata za maliro, tinafunika kukabwereza. M'nkhani ndi Julaye, koma mitengo ya jacaranda yachita maluwa, msewu wonse uli wofiirira. Aliyense wa mu Harare angadziwe mwezi wake. Tinamujambula chapafupi, kumbuyo kuli khoma, mapazi osaoneka chifukwa pansi ponse panali maluwa. Juzi ya Julaye anaivala pa dzuwa la Okutobala, thukuta tikumupukuta gawo lililonse.

Lachitatu hard drive imodzi inayamba kulira kuti tiki, tiki, kenako laputopu inasiya kuiona. Inali itagwa patebulo mwana atakoka chingwe. Zonse zinali pa inzake, imene imagona kwa mlongo wanga ku Highfield. Usiku womwewo ndinakagula ina, $75, n'kukopera zonse ndisanagone. Lamulo lathu kuyambira Epulo ndi lakuti khadi sifufutidwa mpaka mafayilo ake akhale pa ma hard drive awiri, ndipo awiriwo sagona nyumba imodzi.

15 Novembala: kulumikiza ndi mawu

Ndikulumikiza zigawo za filimu pa pulogalamu yaulere ya DaVinci Resolve. Laputopu yanga ili ndi RAM ya 8GB, mafayilo a kamera imangowatsamwa. Ndinapanga ma proxy, timafayilo topepuka togwirira ntchito, ndipo inagwira usiku wonse kuwapanga. Magetsi kwathu akumabwera cha m'ma 10 koloko usiku n'kuchoka kusanache, ndiye ndimagona madzulo, kudzuka pakati pa usiku. Kuphatikiza koyamba kwatuluka mphindi 74. Zofunika kudula ndi 24.

Zithunzi zilibe vuto lalikulu. Mawu ndiwo andikalambitsa. Mukakhala pamalo khutu limasankha zomva, koma maikolofoni imatola zonse: pampu ya chitsime cha oyandikana nawo, mahwindi akuitanira kombi kumsewu, wogulitsa mankhwala a mphemvu ndi chimkuzamawu chake, tambala wolira masana, wailesi ya pashopu. Gawo limene Naphiri akuuza mwamuna wake kuti sanapempherepo kuyambira tsiku lija, mawu ofunika kwambiri m'filimu yonse, kumbuyo kwake kukumveka nyimbo ya pabhawa yodziwika bwino. Ngakhale ikanamveka pang'ono, nyimbo ya mwini wake sitingaisiyemo.

Tajambulanso mawu okha a zigawo zisanu. Situdiyo yathu ndi wadilobu ya azakhali yotsegula zitseko, zovala zili momwemo, mabulangete awiri atapachikidwa kumbuyo kwa wolankhula. Wosewera amamvera mawu ake akale pa mahedifoni kachiganizo kamodzi, n'kubwereza nthawi yomweyo. Kuyang'ana milomo pasikirini kunkawasokoneza, kumvera n'kubwereza kunayenda bwino. Mawu a m'wadilobu amatuluka ouma kwambiri, osafanana ndi chipinda. Chinatithandiza n'chakuti mnyamata wathu wa mawu ankaumirira, pamalo aliwonse, kuti anthu onse akhale chete kwa mphindi imodzi ajambule mpweya wa m'chipindamo. Anthu ankanyinyirika nazo. Mphindi zimenezo ndi zimene ndikuyala pansi pa mawu atsopanowa kuti msoko usamveke. Kulira kwa inverter usiku wa pasiwa ndakuchepetsa podula pa 50Hz ndi pa 100Hz.

Mvula yayamba. Zapanja za 2008 tajambula ku Budiriro m'mawa wina kutagwa yambiri usiku: ngalande zodzadza, amayi pamzere wa pachitsime, matope. Koma padenga lamalata ngakhale yowaza imalepheretsa kujambula mawu, moti madzulo awiri tinangokhala kumwa tiyi.

Mnyamata wa mawu, amene ndinkamuwerengera ngati wothandizira chabe, ndamupatsa $40 ngakhale tinagwirizana zaulere. Wina akandifunsa pothira ndalama zochepa zimene ali nazo, ndimuuza kuti kamera abwereke iliyonse, koma wa mawu amusankhe bwino ndipo azimumvera.

6 Disembala: kuonetsa koyamba ndi nkhani ya mathero

Taonetsa filimu ya mphindi 53 kwa osewera, mabanja awo ndi akulu ampingo angapo amene tinawaitana paokha. Pulojekita yobwereka $20, nsalu yoyera pakhoma la galaja, sipika ya kwaya. Mawu omasulira a Chingerezi alipo kale, a Chishona akulembedwa.

Filimu imatha m'mawa wa tsiku lotsatira kuika maliro. Amayi a yunifolomu yotuwa akupemphera asanabalalike, Naphiri ali pakhomo ndi tsache. Mtsogoleri wawo akumuitana kuti atseke ndi pemphero. Iye akuyankha kuti, “Pempherani inu, amayi. Ine ndingokhala nanu.” Akulowa, akukhala pakati pawo, maso osatsinzina.

Magetsi atayatsidwa munali zii. Kenako mkulu wina wampingo anaimirira. Anayamikira ntchito, n'kunena kuti mathero ndi operewera. Yobu, iwo anatero, anavutika koma pamapeto anabwezeredwa, ndiye mayiyu aoneke akugwada, achinyamata oonera asatuluke ndi maganizo akuti kusiya kupemphera kulibe kanthu. Amalankhula mwaulemu, ndipo nkhawa yawo ndi yeniyeni. Ndisanayankhe, wosewera Naphiri anadzuka.

“Abambo, Yobu anapatsidwa ana ena, koma oyamba aja sanabwerere. Amayi anga anakhala zaka osatsegula pakamwa m'tchalitchi mng'ono wanga atapita. Sabata iliyonse ankapita, ankakhala kumbuyo. Anzawo sanawathamangitse, sanawakakamize. Ine ndimati chikhulupiriro chinali pamenepo, mwa amene anakhala nawo.”

Mkulu uja sanagonje, ndipo sindimayembekezera kuti agonje. Anati akadakondabe kuona bondo likugunda pansi. Mathero sindisintha. Ndikagwadika Naphiri pamphindi yomaliza, ndiye kuti ndanamiza mayi aliyense wa ku Budiriro amene adakali kumbuyo kwa tchalitchi mpaka lero. Chimene ndavomera ndi pempho lawo lina, lakuti pokaonetsa m'maholo a mipingo pazikhala nthawi yokambirana filimu ikatha, iwo kapena abusa alipo.

Agogo aja anapeza cholakwika chimene tonse sitinachione: pagawo la kumanda, mkazi wa malemu waponya dothi pambuyo pa ana, pamene iye ndiye amayenera kuyamba. Zithunzi zake zilipo zonse, ndingosinthanitsa malo. Achinyamata anati mkangano wa Dedza ndi Mbudzi watalika, anthu anayamba kuyang'ana mafoni. Ndidulapo mphindi zitatu, zikwane 50.

Ndalama zonse mpaka lero zafika pafupifupi $1,780. Chakudya chokha chadya $430, thiransipoti $290, ziwirizi kuposa kamera, lens ndi zida za mawu kuziphatikiza. Pa $1,150 yoyamba ija, msuweni anawonjezera $250, ine ndinagulitsa foni. Ngongole yotsala ndi $190, ya achimwene a kamera ndi ya kugolosale kumene tinkatenga ufa.

Zotsala: kukonza mitundu ya zithunzi kuti Julaye ndi Okutobala zifanane, kumaliza mawu omasulira a Chishona, ndi kupereka filimu ku Board of Censors, chifukwa lamulo la Censorship and Entertainments Control Act limafuna kuti filimu ivomerezedwe isanaonetsedwe kwa anthu. Zikatheka tidzaitumiza ku Zimbabwe International Film Festival, ndipo msuweni wina wa ku Lilongwe akufufuza holo kumeneko. Lens ya 50mm ndi chojambulira mawu ndikugulitsa mu Januwale 2026 kuti ndibweze ngongole, $140 zonse pamodzi, nsungwi ndi ubweya wa chidole ndiwonjezerapo ulere. Amene mukuyamba zanu mu 2026 ndinu oyamba kufunsidwa.